Chitsulo Chalirira Munthu Wamoyo

Natalia anakwiya dzuwa lisanatenthe, ndipo chomwe chinamukwiyitsa chinali chithunzi.

Anachiona pa foni ali pa tebulo lake la tomato ndi repu, pafupi ndi pokwerera maminibasi, aja amati makombi, ku Glen Norah mu Harare. Pachithunzipo panali Tendekai, mwamuna amene Lamlungu likudzalo amayenera kukaonekera kwa amalume ake a Natalia kuti nkhani ya ukwati iyambike. Anavala malaya oyera opanda kolala, aja amavala anthu amene sanathamangitsidwepo ndi galu. Pambali pake, phewa kugunda phewa, panali Pretty, mtsikana wogwira naye ntchito ku bungwe lina, mano onse ali pamtunda. Kumbuyo kwawo, pamphasa, panali mayi Doris, amayi ake a Natalia, atatsinzina, kukamwa kuli yasa. Pansi pake Pretty analemba m'Chingerezi kuti bungwe lawo lafikira anthu oiwalika.

"Oiwalika," anatero Natalia, akuuza tomato. "Anatiiwala ndani? Olanda katundu mumsewu muno sanatiiwalepo."

Ntchito ya Tendekai inali yophunzitsa anthu kukhala chete n'kumamvetsera mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka. Kale ankaphunzitsa kumpoto kwa tauni, kwa anthu a mipanda yamagetsi. Kenaka akuluakulu a bungwe anakhala pamsonkhano wautali n'kutulukira kuti osauka nawonso amapuma. Ndi mmene anamutumizira ku Glen Norah, kwa agogo ndi amayi a mtundu wa ku Malawi amene anachotsedwa m'mafamu. Iye Chichewa sankachidziwa, ndiye anafuna womasulira, ndipo anamupeza akugulitsa tomato.

Natalia ndi amene anapatsa phunzirolo dzina loti kukhazika mtima pansi, chifukwa dzina lake la Chingerezi linkakola agogo pakhosi. Ndi iyenso amene analichotsa m'mawa, nthawi ya malonda, n'kuliika masana. Anakana timphasa ta labala, anthu n'kumabwera ndi mphasa zawo. Analetsa zogoneka abambo ndi amayi mzere umodzi. Za chikondi zinangobwera pambuyo, ngati ya pulayizi.

Analembera Tendekai uthenga: "Amayi anga si chikwangwani."

Yankho silinachedwe. "Ndikumva kuti wakwiya. Mkwiyo ndi mlendo, Nati. Umulandire, umuyang'ane, apita yekha."

"Mlendo ameneyu wabwera ndi sutikesi."

"Pretty ndi wa kuntchito basi. Ubweratu masana kudzamasulira?"

"Akumasulire Pretty."

Pretty ankadziwa mawu amodzi a Chichewa, zikomo, ndipo ankawathira paliponse ngati mchere. Natalia anaika foni pansi pa repu.

* * *

Chakumasana panadutsa Cornélio, makiyi akulira m'chiuno. Anali wowotcherera zitsulo ku Lochinvar, mwana wa makolo ochokera ku Tete, ndipo ndi iye ankasunga makiyi a bwalo la sosayiti ya maliro, komwe phunziro la Tendekai linkachitikira. Anafunsirapo Natalia kale. Natalia anakana, koma amalume ake sanakane, ndipo Cornélio ankaona kuti yankho la akulu ndi lomwe limawerengedwa.

"Lero simukupita kusukulu, achemwali?"

"Mukufuna tomato, a Cornélio?"

"Ndikupita kukawatsegulira aphunzitsi a mpweya. Ine ndinabadwa ndikupuma kale, koma ena akuti kumafunika satifiketi." Anatola tomato mmodzi, n'kumutembenuza, n'kumubweza. "Ndamva zoti Lamlungu kuli alendo. Munthu wosadziwa ndi kugwada komwe."

"Kugwada aphunzira. Inu munagwada bwino, munapeza chiyani?"

Cornélio anaseka ndi mphuno, n'kupita, makiyi akumuimbira.

* * *

Natalia anali akupimira mayi wina anyezi pamene chitsulo chinalira.

Aliyense wa mtundu wawo ku Glen Norah ankachidziwa. Chinali chimbale chakale cha pulawo chopachikidwa pa mtengo wa mango m'bwalo la sosayiti. Kufamu chinkadzutsa anthu kukalowa m'munda wa fodya kusanache. Tsiku lochotsedwa, abambo anasiya mipando ndi mabedi koma icho anachikweza pa lole, ndipo atafika m'tauni analumbira kuti sichidzadzutsiranso munthu ntchito. Chinkalira pa chinthu chimodzi chokha: wina wa sosayiti akamwalira.

Chinalira kamodzi, mawu ake n'kuyenda pamwamba pa malata. Chinaliranso.

Amayi a pamsika anayamba kuvundikira katundu ndi masaka. Ena anamasula zitenje m'chiuno n'kuzifunda kumutu. Natalia anatsanzika wogula uja n'kuyamba kuyenda nawo, akuwerenga mumtima agogo odwala. Asanafike pa mjigo anakumana ndi mayi wina akuchokera komweko, manja ali pamutu. Mayiyo atamuona anaima, n'kumugwira mkono.

"Limba mtima, mwanawe. Ndasuzumira pa geti. Awagoneka pansi pa mango, awafunditsa chitenje chawo chobiriwira chija."

Natalia sanafunse kuti ndani. Chitenje chobiriwiracho anagula yekha.

Sanadziwe pomwe patapata wake anatsalira. Anathamanga pakati pa makombi, madalaivala akumutukwana m'Chishona, iye osamva kanthu. M'mutu mwake munali kanthu kamodzi kopusa: m'mawa uja amayi ake anamupempha kuti awapake mafuta pamsana, iye n'kunena kuti madzulo.

* * *

Pa geti anthu anali atadzaza kale, ndipo kulira kunali kutayamba. Natalia anawakankha n'kulowa.

Pansi pa mango panali mphasa, ndipo pamphasapo amayi achikulire anali atagona chagada, manja m'mbali. Ena anali atadzuka, akuyang'ana khamulo modabwa. Pakati penipeni panali thupi lofunda chitenje chobiriwira kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Chapafupi anaima Tendekai, malaya oyera aja, kachitsulo koimbira kali m'manja, akuuza anthu olirawo m'Chishona chofatsa kuti malo alipo okwanira aliyense, angovula nsapato.

Natalia anagwa pa thupilo. "Amayi ine."

Thupilo linakoka mkonono umodzi wautali, n'kusiya. Dzanja linatuluka, n'kuchotsa chitenje kumaso.

"Ukundipondatu bondo," anatero mayi Doris.

Amene anali kutsogolo anabwerera m'mbuyo n'kuponda akumbuyo. Gogo wina amene kwa zaka ankayenda ndi ndodo anaisiya n'kudumpha ngalande. Mayi Doris anakhala tsonga, n'kuyang'ana khamulo, n'kukonza duku.

"Wamwalira ndani?"

"Inuyo," anayankha wina pa geti.

"Ine ndimathawa ntchentche."

Pamenepo ndi pomwe anafika bambo Zebedee, mchimwene wa mayi Doris, wapampando wa sosayiti. Anali mlonda pa fakitale ina ku Willowvale, ndipo anavala jekete lakuda la sosayiti pamwamba pa yunifomu, chifukwa ankalisunga kuntchito kudikira tsiku ngati limeneli. Anali atawaimbira kale abale a ku Chegutu ali mu kombi. Anayang'ana mlongo wawo kwa nthawi yaitali, ngati munthu amene wawasokonezera pulogalamu.

"Waimba chitsulo ndani?"

Tendekai anayang'ana kachitsulo kali m'manja mwake. Anafotokoza, Natalia osamumasulira, kuti phunziro limatha ndi belu. Kambale kake kamkuwa kolira bwino, komwe ankaimba ngati belu, anakatenga Pretty, chifukwa kumpoto kunali phunziro la mabwana a kampani. Ndiye anaona chimbalechi, n'kufunsa.

"Anandifunsa ngati chimalira," anatero Cornélio, atatsamira mpanda. "Ndinati chimalira. Ndinanama?"

"Chitsulo ichi," anatero bambo Zebedee, akulankhula ngati pali wolemba, "sichilira pachabe. Chikalira, chaitana. Mnyamata iwe, wamuitanira imfa mlongo wanga ali moyo, pa bwalo langa, ine ndili pa ntchito. Mtima tinaukhazika kale pansi ife, tsiku lomwe anatitsitsa pa lole. Takhala tikuika abale athu m'dziko la eni popanda wotiphunzitsa kupuma. Tuluka."

* * *

Natalia anamupeza kuseri kwa mpanda akupinda mphasa yomwe sinali yake. Awiriwa ankalankhulana Chishona, koma Natalia akakwiya ankabwerera ku Chichewa, ndipo Chichewa chonse chomwe Tendekai ankadziwa anachiphunzira pokalipiridwa.

"Ndathamanga kuchokera kumsika amayi anga atafa," anatero. "Wamva? Msewu wonse uja anali atafa."

"Nati, pepa. Sindinadziwe."

"Wakhala ukubwera pano kuyambira nthawi ya mvula. Sunaone kuti ana amakwera mango aja koma chitsulocho sachikhudza? Sunaone kuti agogo akamadutsa pamenepo amatsitsa mawu? Si iwe umatiuza kuti tiziona chilichonse, ngakhale mphepo ya pamphuno?"

"Ndinafunsa."

"Unafunsa Cornélio."

Tendekai anatsegula pakamwa, ndipo Natalia anaona kuti mlendo uja wa mkwiyo watsala pang'ono kutchulidwanso. Anamuloza chala.

"Ukangoti ndipume, ndikuluma."

Tendekai anaponya mphasa pansi. Aka kanali koyamba Natalia kumuona ataponya chinthu.

"Ukanabwera," anatero. "Ukanabwera, zonsezi sizikanachitika. Unandisiya ndekha ndi agogo osamva chomwe ndikunena, chifukwa cha chithunzi."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinapweteka.

"Ndiye ine ndi mlonda wako? Ndikangochoka pang'ono uphe amayi anga? Kambale kabwino kapite kwa mabwana, ife oiwalika utiimbire chilichonse chomwe wachipeza pamtengo. Chithunzi chija chichoke lero. Ndipo Pretty wakoyo umuuze kuti phewa lake lili ndi malo ake."

"Chichoka. Nanga Lamlungu?"

"Kafunse chitsulo."

Anamusiya pomwepo n'kupita kukasaka patapata.

* * *

Kunyumba, dzuwa litapendeka, anthu anali akubwerabe. Ena anamva uthenga woyamba wokha ndipo ankafika ndi nkhope za maliro, n'kupeza malemu akusenda mbatata pakhonde. Mayi Doris ankawalandira onse. Anaona okha amene anabwera msanga ndi amene sanabwere n'komwe, ndipo anati zimenezo azisunga.

Bambo Zebedee anakhala pa mpando wokhawo wa m'nyumbamo, jekete osavula.

"Lamlungu kulibe," anatero. "Munthu amene waimbira mlongo wanga chitsulo sangakhale pamaso panga kupempha mwana wake. Abale a ku Chegutu anali atapeza kale galimoto. Ndiwauza chiyani?"

"Muwauze kuti ndachira," anatero mayi Doris.

"Pali anyamata odziwa mwambo pano. Cornélio sangachite zimenezi."

"Cornélio anaima pomwepo akuonerera," anatero Natalia. "Makiyi ali m'chiuno."

"Ukuyankha ndani?"

Natalia anawerama, zala zake zikuthyola kachitsotso pansi. Mayi Doris anaika mpeni m'beseni n'kupukuta manja.

"Achimwene, ndilankhuleko, poti wakufayo ndine. Chichokereni kufamu, ine tulo sindinatione. Ndikatseka maso ndimamva lole ija. Bambo a Natalia atatisiya zinaonjezeka. Kuchipatala anandipatsa mapilisi, ndinkangoledzera nawo. Mnyamata uyu zambiri zomwe amanena sindizimva, ndipo zomwe Natalia amamasulira zina n'zachibwana. Akuti ndiyerekeze ndili m'mbali mwa nyanja. Nyanja ndinaionapo ine? Koma mawu ake ndi ozizira. Akayamba kuti mpweya ulowe, mpweya utuluke, lole ija imazima. Lero ndinagona mpaka chitsulo chomwe chinkandidzutsa ndili mtsikana chinalira pamutu panga, ine osamva. Inu mukuti wandiitanira imfa. Ine ndikuti chitsulo chija chalephera kundidzutsa, ndipo aka n'koyamba."

Bambo Zebedee anakonza kolala. Ankafuna mwambi woyenera, koma sunabwere.

"Apereke nkhuku kwa akulu a sosayiti, apepese pa bwalo, zithe," anapitiriza mayi Doris. "Lamlungu abwere."

Natalia anadzutsa mutu. Mtima womwe unauma kuyambira m'mawa unayamba kufewa.

"Koma iwe umve bwino," anatero amayi ake, akumuyang'ana. "Akangokhala pamphasa pamaso pa amalume akowa, wasanduka mkamwini. Mkamwini ndikakumana naye panjira ndimapatuka. Sindidya iye akuona. Ndiye ndizigona chagada pamaso pake, mkonono uli pakamwa, iye ataima pamutu panga akundiuza za mimba yanga kuti ikwere, itsike? Zimenezo sizinachitikepo, ngakhale kuno ku Harare."

"Amayi, zimenezo n'zakale."

"Inenso ndine wakale."

"Ndiye enawo azipita, inu muzikhala."

"Enawo amapita chifukwa ndimawatenga ndine. Ndi abale anga a m'sosayiti. Apongozi ndikakhala ine, onse aja ndi apongozi. Ukuganiza kuti angagone pomwe ine ndachita manyazi?"

"Ndizikuphunzitsani ine. Mawu onse ndimawadziwa."

Mayi Doris anaseka koyamba tsiku limenelo. "Iwe? Mawu ako amadzutsa ndi akufa omwe. Taona lero."

Anatenganso mpeni wawo ndi mbatata.

"Ine sindikukuletsa. Iwe ukufuna mwamuna, ine ndikufuna tulo, munthu wake ndi mmodzi. Akabwera Lamlungu ndimulandira ngati mkamwini, ndipo pa bwalo paja sindidzapondanso. Akapanda kubwera, mphasa yanga ndiyala monga mwa masiku onse. Umuuze asankhe yekha."

Bambo Zebedee anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati chigamulocho chachokera kwa iwo.

* * *

Natalia anatuluka ndi foni n'kukaima kuseri kwa nyumba, pa waya woyanikira zovala. Anali ndi chisoni ndi amayi ake, ndipo chisonicho chinkamukwiyitsa, chifukwa sichinali choti angakalipire munthu. Koma yankho la Tendekai ankalidziwa. Mwamuna amene anaponya mphasa chifukwa cha iye sangafunse kawiri.

Tendekai anayankha foni isanalire bwino. Chithunzi chija anali atachichotsa. Nkhuku anati agula ziwiri. Natalia anamufotokozera zonse, mawu a amayi ake osasintha ngakhale amodzi, monga womasulira wabwino.

Mbali inayo kunali zii.

"Ulipo?"

"Ndilipo. Anagonadi, Nati? Anatero okha?"

"Anatero."

"Kumpoto kuja ndaphunzitsa zaka. Amandithokoza, amandijambula, koma palibe anandiuzapo zotere." Mawu ake anali ozizira, omwe aja amazimitsa lole. "Komanso gulu la Glen Norah likatha, andibweza komweko. Ndizikagwira ndi Pretty tsiku lililonse. Iwenso sungazifune zimenezo."

"Ndakufunsa za Lamlungu."

"Ndikudziwa. Ndimangoganiza kuti mwina tingalisunthe pang'ono. Mpaka amayi azolowere kugona okha. Si kukana ayi. Tisathamange, tikhale nayo kaye nkhaniyi, tiione bwino."

Pa geti panamveka makiyi. Anasuzumira pakona ya nyumba n'kuona Cornélio atavala jekete, nsapato zopolishidwa, akuomba m'manja mwaulemu wonse, ndipo amalume ake akudzuka pa mpando uja kuti amupatse.

Pa foni Tendekai anali akudikira. Natalia anamvetsera mpweya wa mwamunayo ukulowa, ukutuluka, ukulowanso, bwinobwino monga anamuphunzitsira mwiniwakeyo. Atamvetsera mokwanira, anadula.